Kanema wa 4K wochokera pa NAS akuimaima pa TV ya pabalaza

Wojambula_KU, Kasungu boma

Moni nonse akuluakulu. Ndine wojambula makanema a maukwati, zinkhoswe ndi misonkhano ya mipingo kuno ku Kasungu, ndipo ndabwera ndi funso limene ndikukhulupirira kuti ena mwa inu amene mumadziwa za makompyuta mungandiunikire. Makanema onse amene ndamaliza kukonza ndimawasunga pa NAS (kabokosi kosungira mafayilo kolumikizidwa pa netiweki) ya madiski awiri, yomwe ili m'chipinda chimene ndimagwiriramo ntchito, ndipo ndinailumikiza ndi waya ku rauta ya 4G, ija yolowetsamo simu khadi. TV yanga ndi ya 4K, ya mainchi 55, ili pabalaza, ndipo imalumikizana ndi rautayo kudzera pa Wi-Fi. Pakati pa rauta ndi TV pali makoma awiri a njerwa zootcha.

Eni ukwati akabwera kudzatenga ntchito yawo, ndimafuna kuti ayambe aonera pa TV yaikuluyo asanamalize kulipira, chifukwa munthu akaona nkhope za abale ake zili mbee, mpaka ulusi wa pa chitenje ukuoneka, savuta kupisa m'thumba. Makanema a 1080p amayenda popanda chovuta. A 4K amayamba bwino, kenaka amaima, pakati pa TV n'kubwera kachizindikiro kozungulira kaja, n'kuyenda pang'ono, n'kuimanso. Chodabwitsa n'chakuti gawo la kutchalitchi, pamene abusa akulalikira ndipo anthu angokhala chete, limayenda ndithu. Zimavuta ikafika nthawi ya perekaniperekani, anthu akuvina ndi kuponya ndalama, ndipo gawo limeneli ndi limene eni ukwati amaliyembekezera kwambiri. Fayilo ya ukwati wa maola 2 imakhala ya 60 GB kapena kuposerapo pang'ono.

Palinso vuto lina. Tizidutswa tochokera mu kamera tisanakonzedwe, TV imatikaniratu, ndipo nthawi zina pamangomveka mawu chithunzi chili bii.

Mnzanga wina akuti intaneti ya 4G siingakwanitse 4K, ndiye ndizigula bandulo yaikulu. Wina akuti NAS yanga ndi yofooka. Zipangizo zoterezi kuno sizipezeka wamba, mpaka munthu akwere basi ya ku Lilongwe, choncho sindikufuna kutaya ndalama pa chinthu chimene sichithetsa vutoli. Kodi ndiyambire pati?

Mlumikizi, Mtunthama

Achimwene, bandulo muisiye kaye, chifukwa pa nkhani iyi ilibe mlandu. Kanema akamachoka pa NAS kupita pa TV m'nyumba imodzimodzi sadutsa pa nsanja ya kampani ya mafoni, amangochoka pa NAS kupita pa rauta, n'kuchoka pa rauta kupita pa TV. Mutachotsa simu khadi mu rautayo, kanemayo angaimeime monga momwe akuchitira leromu. Mnzanu uja akuganizira za Netflix ndi YouTube, kumene kanema amachokeradi kunja. Ndipo ngakhale kumeneko, a Netflix amanena kuti 15 Mbps (mamegabiti 15 pa sekondi) ndi yokwanira pa 4K, chifukwa makanema awo amawapanikiza kwambiri asanawatumize. Fayilo yanu imalemera kuposa pamenepo kanayi, ndipo masamu ake ndi osavuta.

Tengani 60 GB muchulukitse ndi 8, kuti mabayiti asanduke mabiti, mupeza magigabiti 480, omwe ndi mamegabiti 480,000. Maola 2 ndi masekondi 7,200. Mukagawa mupeza pafupifupi 67 Mbps, ndipo nambala imeneyi ndi ya pakatikati chabe. Makanema ambiri otuluka m'mapulogalamu okonzera amakhala ndi bitrate (kuchuluka kwa deta pa sekondi iliyonse) yokwera ndi kutsika. Abusa akaima malo amodzi, khoma la kumbuyo kwawo osasuntha, chithunzi chimodzi chimafanana ndi chotsatira, kotero deta yofunika imachepa. Pa perekaniperekani chilichonse chikuyenda: ndalama zili m'malere, zitenje zamaluwamaluwa zikugwedezeka, kamera nayo ikutembenuka, ndipo timadontho tonse 8.3 miliyoni ta chithunzi cha 3840 ndi 2160 tikusintha nthawi imodzi. Pamenepo bitrate ikhoza kudutsa 100 Mbps. TV imakhala ndi kankhokwe kakang'ono kosungiramo masekondi ochepa a kanema amene akubwera, ndipo kakatha deta ina isanafike, chithunzi chimaima mpaka kadzadzenso. Chimene mwaonacho, kuti kutchalitchi kumayenda koma kuholo kumaima, chikuloza ku njira imene kanema akudutsa.

Njirayo ili ndi malo awiri opanikizika. Oyamba ndi Wi-Fi. Marauta ambiri a 4G otsika mtengo amaulutsa pa 2.4 GHz pokha, ndipo chipangizo chikalemba kuti chalumikizana pa 72 Mbps kapena 144 Mbps, liwiro lenileni lotumizira fayilo limakhala pafupifupi theka la nambalayo, ndipo apo n'kuti muli pafupi ndi rauta. Makoma awiri a njerwa amalitsitsanso, komanso foni iliyonse ya m'nyumbamo imene ili pa WhatsApp imagawana nanu mpata womwewo. Wi-Fi ya 5 GHz imathamanga kwambiri, koma imafooka msanga ikakumana ndi khoma, choncho sindingakulonjezeni kuti rauta yatsopano yoikidwa m'chipinda chomwecho ingasinthe zinthu.

Malo achiwiri anthu ambiri sawayang'ana n'komwe, ndiwo mapoti olumikizira waya. Marauta ambiri a mtundu wanuwo ali ndi mapoti a 100 Mbps, amene liwiro lake lenileni limathera pa 94 Mbps kapena 95 Mbps. NAS yanu mwina ili ndi poti ya gigabit, ya 1,000 Mbps, koma zipangizo ziwiri zikalumikizana zimagwirizana pa liwiro la chochedwacho. Chowawa n'chakuti ma TV ambiri, ngakhale okwera mtengo, nawonso ali ndi poti ya 100 Mbps, chifukwa opanga ake amawerengera makanema a pa intaneti amene safika kumeneko. Kunena za madiski a mu NAS, musawakayikire. Diski imodzi wamba imawerenga 150 MB pa sekondi kapena kuposa, pamene 67 Mbps yanu ija ndi 8.4 MB pa sekondi basi.

Musanagule kanthu, koperani fayilo yovutayo pa diski yakunja ya USB, muilowetse pa TV, muonere gawo la perekaniperekani. Diskiyo ikhale ya NTFS kapena exFAT, malinga ndi imene TV yanu imawerenga, chifukwa FAT32 siilandira fayilo yoposa 4 GB. Kanema akayenda bwino pa USB, ndiye kuti TV ikutha kumuwerenga, ndipo vuto ndi netiweki. Kenaka lowani m'tsamba loyendetsera NAS muone ngati yalumikizana pa 100 kapena pa 1,000. Ngati muli ndi laputopu, kaimeni nayo pafupi ndi TV mukope fayilo yaikulu kuchokera pa NAS kudzera pa Wi-Fi. Liwiro likamasewera pansi pa 12 MB pa sekondi, mwapeza chimene chikuvuta.

Chogula chenicheni ndi switch (kabokosi kolumikiza zipangizo zingapo ndi mawaya) ya gigabit ya mapoti 5 ndi waya wa Cat5e kapena Cat6. NAS, kompyuta yanu yokonzera ndi TV zilowe mu switch, ndipo rauta ilowenso momwemo ndi waya umodzi, kuti izingogawa ma adiresi ndi intaneti. Zikatere kanema sadutsanso mu rauta. Waya wa Cat5e amanyamula gigabit mpaka mamita 100, koma pokhapokha timawaya tonse 8 ta m'kati mwake titalumikizidwa bwino kumitu yonse iwiri. Liwiro la 100 Mbps limagwiritsa ntchito timawaya 4 tokha, n'chifukwa chake waya womangidwa mosasamala amaoneka ngati akugwira ntchito pamene wakutsitsirani liwiro mwakachetechete. Mukamudutsitsa kudenga mumuike m'paipi ya pulasitiki ya amagetsi ija, chifukwa makoswe a kudenga sasiya waya.

Mphunzitsi_wa_ICT, Santhe

Bambo a ku Mtunthama afotokoza bwino za netiweki, ndipo sindibwereza. Koma sindikugwirizana nawo kwenikweni pomasula NAS msangamsanga chotero. Madiski alibe mlandu, zoona, koma mu NAS mulinso purosesa, ndipo pali nthawi imene purosesayo amasenzetsedwa ntchito yoposa msinkhu wake mwini wake osadziwa.

Zimatengera njira imene TV ikutengera kanemayo. Ngati mukutsegula chikwatu cha pa NAS kudzera pa SMB kapena NFS (njira zogawirana mafayilo pa netiweki), monga zimachitikira ndi mapulogalamu a Kodi kapena VLC, NAS imangopereka fayilo momwe ilili, ndipo ntchito yonse yomasulira chithunzi ndi ya TV. Koma ngati pa NAS pali pulogalamu ngati Plex, Emby kapena Jellyfin, pulogalamuyo imayamba yafunsa TV mitundu ya makanema imene imatha kuwerenga. Zonse zikagwirizana, fayilo imapita osakhudzidwa, ndipo pa tsamba la pulogalamuyo pamalembedwa kuti Direct Play. Chinthu chimodzi chikapanda kugwirizana, kapena pulogalamuyo ikaona kuti njira ndi yopapatiza, imayamba kuphwasula kanema ndi kumumanganso mu mtundu wina pamene inu mukuonera, ndipo pamalembedwa kuti Transcode. Kuchita zimenezi pa 4K ndi ntchito yolemetsa kwambiri. Ma NAS ang'onoang'ono ambiri ali ndi purosesa wa ARM amene sangaikwanitse, ndipo kanema amaimaima chimodzimodzi ngati vuto ndi Wi-Fi. Amene amakwanitsa ndi a purosesa wa Intel wokhala ndi Quick Sync, gawo lapadera losandutsira makanema, ndipo pa Plex mphamvu imeneyi imatsegukira okhawo olipira Plex Pass, pamene pa Jellyfin ndi yaulere. Chizindikiro chosavuta ndi ichi: kanema akamasewera, mvetserani NAS. Fani yake ikayamba kulira kwambiri, ndipo tsamba lake likusonyeza kuti purosesa wafika pa 90 kapena 100 peresenti, dziwani kuti ikusandutsa kanema.

Zinthu zimene zimayambitsa kusandutsaku nthawi zambiri zimakhala zazing'ono. Mawu olembedwa pansi pa kanema akakhala a mtundu wa PGS, amene kwenikweni ndi zithunzi, ma TV ambiri sawatha, ndiye seva, yomwe ndi pulogalamu ya pa NAS ija, imakakamizika kuwamatira pa chithunzi chilichonse. A mtundu wa SRT ndi malemba wamba ndipo savuta. Phokoso la DTS kapena Dolby TrueHD nalonso ma TV ena salilandira, ngakhale kuti kusandutsa phokoso lokha ndi ntchito yopepuka.

Za tizidutswa ta mu kamera timene TV ikutikana, waya ngakhale atakhala wabwino chotani sangathandize. Makamera ambiri a masiku ano amajambula 4K mu 10-bit 4:2:2, njira yosunga mitundu mwatsatanetsatane kwambiri, kuti wokonza akhale ndi mpata wosintha mitundu, ndipo ena akaikidwa pa All-Intra, pamene chithunzi chilichonse chimasungidwa pachokha chathunthu, amafika 400 Mbps. Kachipangizo komasulira chithunzi mu TV kanapangidwira 4:2:0, imene imasunga tsatanetsatane wochepa wa mitundu, ndiye kakakumana ndi 4:2:2 kamalephera, koma phokoso limamveka chifukwa limayenda padera. Chimenecho ndicho chithunzi chakuda chokhala ndi mawu chimene mukuchiona. Ikani pulogalamu yaulere ya MediaInfo pa kompyuta yanu, mutsegule fayilo imodzi yokonzedwa ndi ina ya mu kamera, mutiuze zimene yalemba pa codec, bit depth, chroma subsampling, frame rate ndi bitrate.

Ndiwonjezereko chimodzi chokhudza bandulo, popeza ndalama zake tonse timazimva kuwawa. Plex imafuna intaneti polowa mu akaunti, pokhapokha mutalemba ma adiresi a m'nyumba mwanu pa malo olola kulowa popanda kutsimikizira, ndipo TV ikalephera kupeza seva m'nyumba momwemo, kanema akhoza kuzungulira kudzera pa intaneti, n'kudya bandulo yanu kwinaku akuoneka moipa. Jellyfin, imene inayamba mu 2018 kuchokera ku Emby, siifuna akaunti yakunja, ndipo kwa ife a netiweki yobwera n'kupita ndimaona kuti ndiyo yotiyenera.

Wojambula_KU, Kasungu boma

Zikomo kwambiri bambo ndi mayi, ndachita zimene munanena. Pa diski ya USB fayilo ya ukwati yayenda kuyambira poyamba mpaka pomaliza osaima, ngakhale pa perekaniperekani. NAS ikusonyeza kuti yalumikizana ndi rauta pa 100 Mbps, ndipo TV ili pa 2.4 GHz. Ndinabwereka waya wautali n'kumuyala pansi kuchoka pa rauta kufika pabalaza. Zasintha kwambiri, koma pamene akuimba nyimbo yoitanira akuchikazi kuti adzafupe, pamene anthu adzaza bwalo lonse, kanema akuimabe pang'ono. Fani ya NAS siikulira ndikamaonera pa TV, koma imalira ndikatsegula kanema yemweyo pa foni.

MediaInfo yalemba kuti fayilo yokonzedwa ndi AVC, 8-bit, 4:2:0, zithunzi 25 pa sekondi, bitrate ya pakatikati 67 Mbps, yapamwamba 120 Mbps. Ya mu kamera ndi AVC, 10-bit, 4:2:2, monga munanenera mayi.

Tsopano ndatsala ndi mafunso awa. Ngati poti ya TV nayonso ndi ya 100 Mbps, kodi switch ya gigabit indithandiza chiyani? Ndipo tizidutswa timene abale a akwati amajambula pa mafoni awo n'kundipatsa kuti ndiphatikize, tina timaoneka totuwa, ngati tasuluka, ndikatisewera kudzera pa NAS. Kodi zimenezi nazonso ndi za netiweki?

Mkonzi_wa_Mafilimu, Chinkhoma

Achimwene, zimene mwapezazi zayankha funso lanu loyamba. Waya wakupatsani 94 Mbps yokhazikika, fayilo ikufuna 120 Mbps pa malo ena, ndipo pamenepo ndi pamene ikuima. Mwafunsa bwino za switch. Payokha siingadutsitse TV malire a poti yake. Idzakuthandizani kwina, pokopa ntchito kuchoka pa kompyuta kupita pa NAS, chifukwa fayilo ya 60 GB imene imatenga pafupifupi ola ndi theka pa 100 Mbps idzatenga mphindi 10 zokha pa gigabit. Kwa munthu wa ntchito yanu phindu limenelo ndi lokwanira kugulira switch.

Kumbali ya TV, ena amalowetsa adaputa ya USB yopita ku Ethernet (poti ya waya wa netiweki) ya gigabit, ndipo pa ma TV ena, makamaka a Android TV, imagwira n'kupereka liwiro loposa 200 Mbps ngakhale pa USB 2.0. Koma si TV iliyonse imene imaizindikira, choncho mubwereke kaye musanagule. Njira ina ndi kabokosi kapadera kolowa pa HDMI, kokhala ndi poti ya gigabit, monga Nvidia Shield TV Pro, Apple TV 4K ya mtundu wokhala ndi Ethernet, kapena Raspberry Pi 4 yoikidwa pulogalamu yoonetsera makanema ya LibreELEC. Pa Raspberry Pi 4 musamale, chifukwa imamasulira 4K yopanikizidwa mu njira ya HEVC yokha, pamene H.264, yomwe ndi AVC ya mafayilo anu, imathera pa 1080p, ndiye mafayilo anu a panopa siingawathe.

Ine maganizo anga ndi akuti musagule chilichonse mwa zimenezi. Inu ndi amene mumapanga fayilo, choncho mukhoza kuipanga yogwirizana ndi njira imene muli nayo. AVC imene mukugwiritsa ntchito, yomwe ndi H.264, ndi ya 2003. HEVC, kapena kuti H.265, inatuluka mu 2013, ndipo inapangidwa kuti ipereke chithunzi chofanana pa bitrate pafupifupi theka. Pafupifupi TV iliyonse ya 4K imaiwerenga, ndipo ma disiki a Ultra HD Blu-ray amagwiritsa ntchito yomweyo. Potulutsa ntchito yomaliza sankhani HEVC, 4:2:0, bitrate ya pakatikati 40 Mbps, yapamwamba isapose 70 Mbps, phokoso likhale AAC kapena AC3, mu MP4 kapena MKV. Ukwati wa maola 2 udzakhala wa 36 GB, udzayenda pa waya wa 100 Mbps ndi mpata wotsala, ndipo pa zithunzi 25 pa sekondi sindikhulupirira kuti pali mkwati amene angaone kusiyana atakhala pa mpando wa pabalaza. Zithunzi 25 zimenezo musazisinthe, chifukwa zimagwirizana ndi magetsi athu a 50 Hz, ndipo n'chifukwa chake mababu a m'holo saphethira mu kanema wanu. Maukwati akale amene munawatulutsa kale mukhoza kuwasandutsa ndi pulogalamu ya HandBrake, yomwe ndi yaulere, n'kuisiya kompyuta igwire usiku. Mafayilo oyambirira muwasunge osawakhudza. Tizidutswa ta 4:2:2 timene mukufuna kuonetsa makasitomala musanakonze, mutidutsitsenso momwemo, titulukemo tili 4:2:0.

Fani imene imalira mukaonera pa foni ikutsimikizira zimene ananena mayi a ku Santhe: pa TV NAS ikungopereka fayilo, koma pa foni ikusandutsa. Ngati mumafuna kuonetsa anthu pa foni, pangani fayilo yachiwiri ya 1080p muiike pambali pa ya 4K.

Kutuwa kwa tizidutswa ta pa mafoni si nkhani ya netiweki. Mafoni ambiri atsopano amajambula mu HDR, njira yosunga kuwala ndi mitundu yochuluka kuposa kanema wamba, mwini wake osasankha. Mwachitsanzo, ma iPhone kuyambira pa iPhone 12 amajambula HDR ya Dolby Vision yomangidwa pa mtundu wina wa HDR wotchedwa HLG. Kanema wa HDR amasunga mitundu mu BT.2020, pamene kanema wamba amasunga mu Rec.709, ndipo pulogalamu ikawerenga woyambayo ngati wachiwiri, kapena seva ikamusandutsa popanda tone mapping (kusintha kuwala ndi mitundu ya HDR kuti zigwirizane ndi kanema wamba), chofiira cha pa diresi chimasuluka ndipo nkhope zimatuwa. Mu pulogalamu yanu yokonzera, muuze kachidutswa kalikonse ka pa foni kuti ndi ka HLG, mukatembenuzire ku Rec.709 musanakaphatikize ndi zojambula za kamera yanu, kuti ukwati wonse utuluke mu mtundu umodzi.

Pomwe mukukonza mawayawo, muganizirenso za magetsi. Akazima NAS ili pakati polemba, fayilo ikhoza kuonongeka, ndipo madiski awiri a RAID 1, amene amasunga zinthu zofanana pa onse awiri, sangakupulumutseni pamenepo, popeza chimene chalembedwa molakwika pa imodzi chimalembedwanso pa inzake. NAS ya madiski awiri, switch ndi rauta pamodzi sizidya magetsi ambiri, kotero UPS (batire yopereka magetsi akazima) yaing'ono ndi yokwanira, koma musankhe yokhala ndi poti ya USB imene NAS yanu imaizindikira, kuti batire ikatsala pang'ono NAS izizima yokha mwadongosolo. Mvula ikayamba, mphenzi zikamang'anima pafupi, muzichotsa waya wa Ethernet kumbuyo kwa TV pamodzi ndi wa magetsi, chifukwa mphamvu ya mphenzi imalowanso kudzera pa waya wautali wotero, ndipo poti ya TV ikapsa siikonzeka wamba.